Ulimbo wa M'mwazi

Pa holide yapitayi, ndiri kwathu ku Kasakula, mng'ono wanga anadzitema chala ndi chikwanje podula nsungwi. Mwazi unatuluka wambiri ndithu, ndipo ine ndinachita mantha. Koma agogo anati, "Finya pamenepo ndi kansalu koyera, ndipo usamasuzumire." Patapita kanthawi mwazi unaleka. Tsono ndinadzifunsa kuti, kodi chautseka nchiyani?

Anzanga, yankho ndi ili. M'mwazi mwathu muli tizidutswa tating'ono kwambiri totchedwa mapulateleti, timene timapangidwa m'mafuta a m'mafupa. Tiripo tambirimbiri, pakati pa 150,000 ndi 450,000 m'kadontho kochepa ngati kamchenga, ndipo timakhala masiku 7 kufikira 10. Mtsempha ukakhala wabwino timangoyandama, osamata paliponse.

Nonse mudziwa umo titcherera mbalame ndi ulimbo. Thupi nalonso liri ndi ulimbo wake, ndiwo mapuloteni omata. Mtsempha ukang'ambika, ulusi wa m'kati mwa khoma lake, wotchedwa kolajeni, umakhala poyera. Pomwepo puloteni ina ya m'mwazi, dzina lake von Willebrand factor, imakakamira pa ulusiwo nikola mapulateleti amene alikudutsa, monga mpheta pa kamtengo ka ulimbo.

Pulateleti ikakodwa imadzuka. Imasintha maonekedwe, imatulutsa timiyendo, ndi kumwaza mankhwala oitana zinzake. Pa khungu lake pali mapuloteni ena otchedwa maintegrini, amene amakhala ofumbata ngati nkhonya. Tsopano amafumbatuka nagwira fibrinogen, imene imalumikiza pulateleti ina ndi inzake mpaka kabowo katsekeka. Potsiriza fibrinogen imasanduka ulusi wa fibrin woluka ukonde wolimba, ndipo pambuyo pake timaona nkhanambo. Taonani nzeru yake: maintegriniwo akadakhala otseguka masiku onse, mwazi ukadaundana m'mitsempha ndipo munthu akadafa.

Koma alipo anthu obadwa ndi ulimbo wosakwanira. M'chaka cha 1926 dotolo wa ku Finland, Erik von Willebrand, analemba za banja lina la ku zilumba za Åland limene ana ake ankataya mwazi wosaleka, ndipo nthendayo imatchedwa ndi dzina lake kufikira lero. Malungo nawonso amachepetsa mapulateleti, ndipo asipirini amawafooketsa.

Motero tiphunzirepo ziwiri. Choyamba, mnzathu akavulala ku munda wa sukulu kapena ku mpira, tifinye balalo mphindi 10 osapukutapukuta, pakuti kupukuta kumapasula chimene mapulateleti amanga. Chachiwiri, wina akamakha kamfuno kawirikawiri, kapena bala lake laling'ono likamachedwa kuleka, tisathamangire kunena kuti walodzedwa. Timperekeze ku chipatala kuti akamuyeze mwazi.

Agogo sanapiteko ku sukulu, koma pa nkhani iyi iwo ndi buku lathu la sayansi agwirizana.