Phunziro: Malamulo Oletsa Kuipitsa Madzi ndi Ulimi wa M'madimba

Mvula ikatha, mabanja ambiri m'mawodi a boma lino amadalira madimba. Tomato, mpiru, chainizi ndi chimanga cha m'chilimwe zonse zimakula ndi madzi a mumtsinje. Koma mtsinje sufika kwa mlimi chimanjamanja: umabwera ndi chilichonse chimene anthu a kumtunda athiramo. Mudi wa ku Blantyre ndi chitsanzo chodziwika. Mtsinjewu umadutsa m'dera la mafakitale la Makata komanso m'malo okhala anthu ambiri, ndipo madzi omwewo ndi amene alimi a kumunsi amathirira mbewu.

Mmene madzi oipa amaonongera ulimi

Madzi a m'zimbudzi amanyamula tizilombo ta kolera ndi matenda ena otsegula m'mimba, ndipo tizilomboti timakakamira pa masamba. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Madzi otayidwa m'mafakitale ndi m'magalaja angakhale ndi oilo, mchere wambiri kapena mtovu. Mchere umafoola mbewu, pamene mtovu umakhala m'nthaka zaka zambiri n'kumalowa m'ndiwo zamasamba popanda chizindikiro chooneka. Ziweto zomwa madziwo zimadwala, ndipo ogula akamva kumene ndiwozo zachokera amazithawa pamsika.

Zimene malamulo amanena

Lamulo la zamadzi la 2013 linakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority. Lamuloli limaletsa kutayira madzi oipa mumtsinje, m'nyanja kapena m'madzi apansi popanda chilolezo, ndipo wopatsidwa chilolezo amayenera kutsata mfundo zimene zalembedwamo.

Lamulo la zachilengedwe la 2017, lomwe linakhazikitsa bungwe la MEPA, limapatsa munthu aliyense ufulu wokhala pamalo aukhondo, ndiponso mphamvu yokasuma kukhoti ufuluwo ukaphwanyidwa. Imodzi mwa mfundo zake ndi yakuti woipitsa ndiye alipire. Wopezeka wolakwa angapatsidwe chindapusa, kupita kundende, kapena kulamulidwa kukonza malo amene waononga ndi ndalama zake. Nalo lamulo la maboma aang'ono la 1998 limalola khonsolo kupanga malamulo a m'dera lake okhudza zinyalala ndi ukhondo.

Lamulo limamanganso mlimi

Malamulowa sanalembedwere mafakitale okha. Mlimi amene amatsukira sipuleya mumtsinje, kutaya mabotolo a mankhwala m'khwawa, kapena kuphera nsomba katupe, nayenso akuipitsa madzi a mnzake wa kumunsi. Kulima mpaka m'mphepete penipeni mwa mtsinje kumakokolola nthaka ndi feteleza. Dothilo limakwirira ngalande za mthirira, ndipo fetelezayo amadyetsa namasupuni, chomera chimene chakhala chikutseka madzi mu Shire mpaka kusokoneza makina opangira magetsi ku Nkula. Mlimi wotere amataya kawiri: feteleza amene anagula ndi ndalama zake, ndi madzi amene adzawafune chaka chamawa.

Zoyenera kuchita m'wodi

Madzi akasintha mtundu kapena fungo, kapena nsomba zikayamba kufa, anthu asiye kaye kuthirira. Alembe tsiku, malo ndi zimene aona, ndipo amene ali ndi foni ajambule, pakuti dandaulo lopanda umboni limafera m'njira. Nkhaniyo ipite kwa amfumu ndi komiti ya VDC, kenaka kwa khansala ndi ADC, kuti ikafike ku ofesi ya zachilengedwe ya khonsolo.

Botolo la mankhwala litsukidwe katatu, madzi otsukirawo athiridwe m'sipuleya, ndipo botololo libooledwe kuti wina asadzasungiremo mchere kapena mafuta ophikira. M'mbali mwa mtsinje musiyidwe malo osalimidwa, mubzalidwe vetiva, nsungwi kapena bango, molingana ndi uphungu wa alangizi a zaulimi. Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka; nthaka imene yamwa mtovu siichira m'nyengo imodzi.

Mafunso okambirana pamsonkhano wa VDC

1. Kodi mtsinje wa m'wodi muno umadutsa malo otani usanafike m'madimba?
2. Kodi alimi amatsukira kuti masipuleya, nanga mabotolo a mankhwala amatayidwa kuti?
3. Kodi ndani m'komiti amene asankhidwe kuti azilemba ndi kutumiza madandaulo a zamadzi ku khonsolo?