Ulendo wa ku Chigwa cha Shire m'Mwezi wa Okutobala

Mabanja ena amene ali ndi galimoto zoyenda m'tchire, monga Land Rover kapena Land Cruiser, amakonda kulongedza matenti ndi mapoto pa tchuthi cha Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala, ndi kutsikira ku Chikwawa kukagona m'nkhalango ya Majete kapena ya Lengwe. Nyengo imeneyi ndi yabwino kuonera nyama, pakuti udzu wauma, masamba ayoyoka, ndipo nyama zimasonkhana pamene pali madzi. Koma ndi nyengo yomweyonso pamene chigwa cha Shire chimatentha koposa. Ambiri a ife timayesa kuti munthu akakhala ndi galimoto yokoka ndi mawilo onse anayi ndiye kuti watha zonse. Ine ndikuti iyayi, anzanga. Ulendo wotere umayenda ndi madzi, a anthu ndi a injini omwe.

Tiyambe ndi funso la m'kalasi: chifukwa ninji ku Chikwawa kumatentha chotere pamene ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 50 okha kuchokera ku Blantyre? Yankho lili pa kukwera kwa malo. Mzinda wa Blantyre uli pa mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Chikwawa ili pa mamita pafupifupi 100. Mpweya umazizira ndi madigiri 6 ndi theka pa mamita 1,000 aliwonse amene munthu wakwera. Chotero wotsika phiri lija amalowa m'dziko lina ndithu, ndipo m'Okutobala ndi Novembala si chachilendo kuti kutentha kupitirire madigiri 40 m'chigwamo.

Kutsikako nakonso kuli ndi lamulo lake. Msewu ndi wokhotakhota kufikira pa Thabwa, ndipo galimoto yodzaza katundu imafuna kuthamanga yokha. Dalaivala akapondereza mabuleki njira yonse, mabulekiwo amatentha nayamba kuleka kugwira. Wanzeru amaika giya yaing'ono ali pamwamba pomwe, kuti injini ndiyo igwire galimoto.

Tsono za madzi akumwa. Pano ndikupempha a Fomu 1 atenge pensulo. Munthu wokhala pa dzuwa lotere tiyenera kumuwerengera malita 5 pa tsiku akumwa okha. Banja la anthu 6 lokhala masiku 3 lisowa malita 90, ndiye kuti zigubu 5 za malita 20, chimodzi chosadzaza. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, kotero kuti madziwa okha ndi makilogalamu 90, kulemera kwa bambo wamkulu wathupi. Tisanawerenge ophikira, otsukira mbale ndi chigubu cha injini! Apa ndi pamene mkangano umabuka pakhomo polongedza, poti wina afuna mipando, wina wailesi, wina mpira. Kwa ine, mpando utsale koma chigubu chikwere. Ndipo madzi asakhale m'chotengera chimodzi chachikulu, chifukwa chikabooka pa mabampu onse apita. Zigubuzo zimangidwe pansi, osati pa denga, pakuti katundu wolemera pamwamba amapendeketsa galimoto pokhota.

Madzi a m'chigubu amafunda msanga, ndipo ana amawakana. Mankhwala ake agogo athu anawadziwa kale. Mtsuko wadothi umaziziritsa madzi chifukwa timadzi tina timatulukira kunja ndi kuuma, ndipo pouma timachotsa kutentha. Kulungani botolo m'chiguduli chonyowa, mulipachike pamthunzi podutsa mphepo, ndipo mudzamwa madzi ozizira popanda firiji.

Amene ayenera kuyang'aniridwa kwambiri ndi ana aang'ono ndi okalamba. Mwana sanena kuti thupi lake likutha madzi. Amangofooka, milomo imauma, mkodzo umachepa ndi kuda. Wotere apatsidwe Thanzi, kapena ngati palibe, lita imodzi ya madzi abwino yothiramo masipuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere, azimwa pang'onopang'ono. Koma munthu akatentha thupi kwambiri nayamba kubwebweta kapena kukomoka, imeneyo si nkhani ya shuga ndi mchere. Mumgoneke pamthunzi, mumthire madzi thupi lonse, mumkupize, ndi kuthamangira naye ku chipatala. Ndipo mwana asasiyidwe m'galimoto yotseka magalasi ngakhale kanthawi kogula nthochi pamsika.

M'nkhalangomo nthawi yoyenda ndi mbandakucha ndi madzulo. Masana nyama zomwe zimabisala, nanga munthu avutikirenji? Majete ndi malo oyenera kuwadzukira. Nyama zake zinali zitatha ndi opha mozemba, koma kuyambira mu 2003, pamene bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira malowa, anabwezeramo zipembere ndi njovu, ndipo mikango inafika mu 2012. Kumeneko kulinso mathithi a Kapichira, amene anatsekereza sitima ya David Livingstone mu 1859. Ku Lengwe anthu amapitira nyama zija zotchedwa nyala. Pa mchenga dalaivala aphwetseko matayala pang'ono kuti apondetse malo aakulu, koma akumbukire kuwapopanso pobwerera pa tala, chifukwa tayala lophwa limatentha ndi kuphulika. Asaimikenso galimoto pa udzu wautali wouma: paipi ya utsi ndi yotentha kokwanira kuyatsa tchire.

Tenti imamangidwa pa malo okhawo amene oyang'anira nkhalango analoleza, ndipo pamenepo musankhe mthunzi mwanzeru. Mlambe ndi waukulu koma m'chilimwe ulibe tsamba. Mvunguti uli ndi zipatso zolemera zimene zikagwera munthu pamutu ndi maliro. Msangu ndi mtengo wodabwitsa, umene umakhala ndi masamba m'chilimwe ndi kuyoyola m'dzinja, koma njovu zimakonda zipatso zake. Ine ndingasankhe bwemba. Neti ya udzudzu isaiwalike, nsapato zikutumulidwe m'mawa kuopa zinkhanira, ndipo kaya thukuta lichuluke bwanji, Shire si mtsinje wosambamo. Muli ng'ona ndi mvuu.

Mayeso enieni a galimoto ali pobwerera, pokwera phiri lija la pa Thabwa. Injini imagwira ntchito yaikulu pamene galimoto ikuyenda pang'onopang'ono, ndiye mphepo yolowa mu rediyeta imachepa, ndipo mphepo yakeyo ndi yotentha kale. Ngati njere za udzu wa m'tchire zatseka timabowo ta rediyeta, kapena lamba wa fani wakhwepa, muvi wa kutentha umayamba kukwera. Nchifukwa chake izi ziyenera kuonedwa m'mawa injini ili yozizira, ndipo ndi bwino kukwera phirilo dzuwa lisanakule. Muvi ukayandikira pofiira, dalaivala azimitse makina oziziritsa m'galimoto, atsegule hita ngakhale ana adandaule, pakuti hitayo imachotsako kutentha kwa injini, ndipo apatuke pamalo oonekera bwino.

Apa pali ngozi imene yapsereza anthu ambiri. Tinaphunzira kuti madzi amawira pa madigiri 100, koma chitsekerero cha rediyeta chimapanikiza madziwo kotero kuti amapitirira pamenepo osawira. Munthu akachitsegula injini ili yotentha, kupanikizika kuja kumatha mwadzidzidzi, ndipo madzi amawira nthawi yomweyo ndi kumuthovukira kumaso ndi m'manja. Kuthira madzi ozizira m'injini yotentha kungathenso kung'amba chitsulo chake. Chofunika ndi kukweza boneti ndi kudikira theka la ola kapena kupitirira, banja litakhala pamthunzi kutali ndi msewu. Pambuyo pake dalaivala aphimbe chitsekererocho ndi nsalu yochindikala, achipotoze pang'ono kuti nthunzi ituluke, kenaka atsegule ndi kuthira madzi a m'chigubu chija pang'onopang'ono.