Musanaitanitse Galimoto Yogonamo Kuchokera Kunja

Inu amene mukufuna kuyamba bizinesi yonyamula alendo opita ku Cape Maclear kapena ku Nyika, lero tikambe za galimoto zogonamo, zija zokhala ndi bedi, sinki ndi chitofu mkati. Langizo langa ndi lakuti musathamangire kuitanitsa yopangiratu kuchokera ku Japan. Mtengo umene mumauona pa intaneti ndi chiyambi chabe. Pamwamba pake pali ndalama ya sitima mpaka ku Dar es Salaam, ya padoko, ya dalaivala woifikitsa pa Songwe, kenaka msonkho wa MRA, umene umatengera kukula kwa injini komanso zaka za galimotoyo. Zambiri mwa izi zimalira madola, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, madolawo akwera mtengo komanso sapezeka mosavuta. Galimotoyo ikafika, mavuto amakhala asanathe: masoketi ake ndi a mavolti 100 pomwe magetsi a ESCOM ndi 230, ndipo pampu ya madzi ikafa mudzazungulira Limbe yense osaipeza.

M'malo mwake gulani HiAce wamba, imene makaniko aliyense amaidziwa ndipo masipeya ake ali ponseponse. Kalipentala ndi wowotcherera aikemo bedi ndi makabati, padenga muikepo sola. Ena anena kuti yotereyi sioneka bwino ngati ya kufakitale, ndipo alendo angainyoze. Mfundoyi ili ndi choonadi chake, koma mlendo amakwiya kwambiri galimoto ikamufera pamsewu wafumbi wa ku Chelinda kusiyana ndi kuona kabati wosasalala. Pa gasi wa chitofu pokhapo musaumire, itanani katswiri. Zonse mwasinthazo mukanene ku Road Traffic ndi kwa a inshulansi musanakweze mlendo woyamba.