KUIKA GASIKETI YATSOPANO M'INJINI YA GALIMOTO

Alimi ambiri amene atengera ndiwo zamasamba ku msika wa Soweto akonzetsa magalimoto ao kwa amisiri a pakhomo ku Kanyama, Chawama ndi Matero. Nchito imodzi yofunika kuisamala kwambiri ndiyo kusintha gasiketi, cija cokhala pakati pa mutu wa injini ndi thunthu lace.

Gasiketi ikapsya, utsi woyera uturuka ku paipi ya kumbuyo, madzi atha msanga m'radiyeta, ndipo oilo aoneka ngati tiyi wa mkaka. Kawiri-kawiri ipsya cifukwa injini yatentha koposa. Madzi a m'zitsime za Lusaka ali ndi laimu wambiri, amene atseka timipope ta radiyeta, injini nitentha.

Mmisiri wanzeru ayamba nchito injini itazizira. Acotsa waya wa batire, nakhetsa madzi ndi oilo. Mabauti a mutu awamasula pang'ono pang'ono, kuyambira m'mbali kulinga pakati. Atapala zotsala za gasiketi yakale, agoneka rula yacitsulo pamutupo. Mpata ukaoneka pansi pa rula, ndiye kuti mutu wapindika, ndipo uyenera kupita kwa eni makina kuti akauwongole. Pomanga mabauti ayambira pakati kulinga m'mbali, ndi sipanala yoyesa mphamvu, monga linena buku la galimotoyo.

Munthu woika gasiketi yatsopano pamutu wopindika, kapena wosatsuka radiyeta, angotaya ndalama zace. Galimoto idzamfera panjira, ndiwo zirikufota padzuwa.