Phunziro la Sabata Ino: Kuyankhula Momveka Pomenyera Chilungamo

Akhristu anzanga, pa 28 Ogasiti 1963 m'busa wa mpingo wa Baptist, Martin Luther King Jr., adayankhula ku Washington pamaso pa anthu pafupifupi 250,000. Masiku amenewo, kumwera kwa America, anthu akuda ankaletsedwa kudyera malo amodzi ndi azungu, ndipo ambiri ankakanizidwa kuvota. Chidalimbitsa mawu ake n'chiyani?

Choyamba, kubwereza. Ziganizo zingapo adaziyamba ndi mawu amodzimodzi onena za loto lake, koma chilichonse chinkakathera kwina: china ku mapiri a Georgia, china ku Mississippi, china pa ana ake anayi. Womvera akadziwiratu poyambira, khutu limadikira chatsopano, ndipo mawuwo amakhazikika mumtima. Luso limeneli lilimo m'Malembo Oyera: onani Mateyo 5:3-11 ndi Salimo 136.

Chachiwiri, mafanizo. Sadangonena kuti dziko laphwanya lonjezo. Adayerekeza lonjezolo ndi cheke chimene banki yabweza ati mulibe ndalama. Chilungamo adachifanizira ndi madzi oyenda mwamphamvu, potsata Amosi 5:24. Chinthu chimene munthu wachiona m'maganizo sachiiwala msanga.

Nafenso timafunika kuyankhula, monga pamene achibale akulanda katundu wa mayi wamasiye. Tikangoti "si bwino," mawu amapita ndi mphepo. Tchulani mbale imene ana adyeremo mawa, tchulani denga limene agone pansi pake, ndipo mubwereze funso limodzi mpaka aliyense alimve.

Funso la ku mphakati: ndi kupanda chilungamo kuti kumene takhala tikukutchula mongolambalala?