KUMANGA PULOGALAMU YA KOMPYUTA GAWO NDI GAWO

Mau Oyamba

Tikamayendera aphunzitsi athu amene akuyeserera ntchito m'sukulu za ku Mitundu ndi ku Nathenje, timaona m'mbali mwa mseu nyumba za mitundu iŵiri. Ina ndi ya zipinda ziŵiri zokha, yofoleredwa bwino ndi malata, ndipo eni ake akugonamo. Pa khoma lake lakumbali adasiya njerwa zotulukira kunja, kudikira kuti akadzagulitsa mtedza kapena fodya adzalumikizepo chipinda chachitatu. Inayo ndi ya zipinda zisanu ndi zitatu. Makoma ake adalekezera m'mazenera, denga palibe, udzu wamera m'kati, ndipo mvula ya chaka chilichonse ikunka nikokolola njerwa.

Nyumba zonsezi zikumangidwa pang'onopang'ono, koma kusiyana kwake nkwakukulu. Mwini wa yoyamba ali ndi pogona lero, ndiponso wadziŵa kale kumene kumachokera mphepo ndi kumene madzi amandenga amathamangira. Mwini wa yachiŵiri sadzadziŵa zolakwa za nyumba yake kufikira tsiku limene adzaloŵamo, ngati tsikulo lidzafike. M'phunziro lino tiona kuti nzeru ya mwini nyumba yoyambayo ndiyo imene akatswiri ambiri amatsata popanga mapulogalamu a kompyuta, ndipo tionanso m'mene ingatithandizire m'kalasi.

Njira Ziŵiri

Pulogalamu ndi mndandanda wa malangizo amene munthu amalembera kompyuta, foni kapena tabuleti kuti igwire ntchito inayake. Njira yoyamba yoipangira nkulemba zofunika zonse pachiyambi, kenaka kukonza mapulani onse, kulemba malangizo onse, kuyesa zonse pamodzi, ndipo potsiriza kupereka kwa eni ntchito. Njirayi adaitcha ya mathithi, pakuti madzi akatsika sabwereranso kumtunda. M'chaka cha 1970 katswiri wina wa ku America, Winston Royce, adaifotokoza njirayi, koma iye yemweyo adachenjeza kuti njoopsa, popeza kuyesa kumadza kumapeto, pamene kukonza cholakwa kumafuna kugumula zambiri.

Njira yachiŵiri nkusankha kantchito kamodzi kofunika koposa, kukamaliza, kukayesa, ndi kukapereka kwa anthu kuti ayambe kukagwiritsa ntchito. Zimene anthuwo anena ndizo zimaongolera gawo lotsatira. Mu February 2001 akatswiri 17 adakumana ku Snowbird, m'dera la Utah ku America, nagwirizana mfundo zimene zimadziŵika ndi dzina lakuti Agile. Imodzi mwa mfundozo imalimbikitsa kupereka pulogalamu yogwira ntchito pafupipafupi, pakangopita masabata kapena miyezi yoŵerengeka.

Tisasokonezeke apa. Gawo si chidutswa wamba. Khoma lopanda denga ndi chidutswa, koma chipinda chofolera ndi gawo. Chizindikiro cha gawo lenileni nchakuti munthu angathe kupindula nalo ngakhale ntchito yonse italekezera pomwepo.

Zitsanzo za Kwathu Kuno

Chitsanzo choyamba chikuchokera kuchipatala. M'chaka cha 2001 bungwe la Baobab, lotsogozedwa ndi Gerry Douglas, lidaika makompyuta ku chigawo cha ana pa chipatala chachikulu cha Lilongwe, chimene lero ndi Kamuzu Central Hospital. Silidayambe ndi ntchito zonse za chipatala. Lidayamba ndi kulemba odwala m'kaundula, kupatsa aliyense nambala yake, ndi kusindikiza kapepala komata m'buku lake la kuchipatala. Popeza antchito ambiri sadazoloŵere kutayipa, makompyutawo adali ongokhudza galasi ndi chala. Ntchito zina zidaonjezedwa m'mbuyo mwake, ndipo pofika 2006 pulogalamu yothandiza kusamalira anthu olandira mankhwala otalikitsa moyo idayamba kuyesedwa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre.

Chitsanzo chachiŵiri nchapafupi ndi ntchito yathu. M'chaka cha 2013 pulogalamu yophunzitsa masamu m'Chicheŵa idayesedwa pa sukulu imodzi yokha, ya pulayimale ya Biwi mu mzinda wa Lilongwe. Kafukufukuyo adatsogolera ndi Nicola Pitchford wa ku Yunivesite ya Nottingham. Ana 318 a Sitandade 1 mpaka 3 adagaŵidwa m'magulu atatu: ena adagwiritsa ntchito matabuleti okhala ndi pulogalamu ya masamu, ena matabuleti opanda pulogalamuyo, ndipo ena adaphunzira monga mwa masiku onse. Patapita masabata 8 zidaoneka kuti a gulu loyamba adapita patsogolo kuposa anzao, makamaka a Sitandade 2 ndi 3. Pambuyo pake bungwe la onebillion, mogwirizana ndi la VSO ndi Unduna wa Zamaphunziro, lidafikitsa ntchitoyi ku sukulu zina ndi kuonjezapo maphunziro a kuŵerenga. M'chaka cha 2023 Undunawu udakhazikitsa ndondomeko ya BEFIT, kuyambira ndi sukulu 500.

Taonani m'mene ntchitoyi idayendera: phunziro limodzi, sukulu imodzi, kuyesa, kenaka kukuza. Akadagula matabuleti a dziko lonse asanayese pa ana enieni, cholakwa chimodzi chikadafalikira m'makalasi zikwi tsiku limodzi. Motero mphunzitsi amene walandira zipangizo zoterezi asaganize kuti ntchito yake nkungogaŵa ndi kutolera. Iye ndiye amaona pamene mwana wakakamira, mau amene sakumveka, ndi chithunzi chimene chikusokoneza. Akapanda kunena, gawo lotsatira lidzamangidwa mumdima.

Kuyesa Tokha: Kaundula wa Kalasi

Tiyerekeze kuti mwapatsidwa kalasi la ana 90 ndipo mwafuna kusunga mbiri yao mu pulogalamu ya matebulo monga Excel, pa kompyuta kapena pa foni. Chiyeso chimene chimagwera ambiri nchofuna kukonza zonse nthaŵi imodzi: maina, kajombedwe, malikisi a maphunziro onse, ndi malipoti a makolo. Zotsatira zake nzakuti teremu imatha ntchito ili pakati, ndipo malipoti amalembedwa usiku ndi manja, mothamanga ndi molakwitsa. Wovutika ndi mwana amene wapatsidwa malikisi a mnzake. Ife tikulangiza kuti mutsate magawo aŵa:

1. Sabata yoyamba lembani maina okha, aliyense ndi nambala yake, ndi malo ochongapo amene abwera. Gwiritsani ntchito m'maŵa uliwonse.

2. Zikayenda bwino, onjezani malikisi a phunziro limodzi. Yerekezani ndi zimene zili m'buku lanu kuti muone ngati zikufanana.

3. Kenaka onjezani maphunziro ena, ndi kuiuza kompyuta kuti iziphatikiza ndi kupeza avereji. Ŵerengerani ndi manja malikisi a ana asanu kuti mutsimikize.

4. Potsiriza konzani lipoti. Sonyezani mphunzitsi wamkulu lipoti la mwana mmodzi musanasindikize onse.

Ngakhale mutalekezera pa gawo lachiŵiri chifukwa cha kuzima kwa magetsi kapena kuchuluka kwa ntchito, muli kale ndi chinthu chothandiza. Musanayambe gawo latsopano, sungani pambali kope la zimene zikugwira kale ntchito, kuti zikasokonekera mukhale ndi pobwerera.

Chenjezo

Kumanga gawo ndi gawo sikutanthauza kumanga mopanda pulani. Mwini nyumba ya zipinda ziŵiri uja adadziŵiratu mbali imene adzakuzire nyumba yake, nchifukwa chake sadakumbeko chimbudzi. Pali zinthu zina zimene zimayenera kuganiziridwa pa tsiku loyamba. M'kaundula wathu chinthu chotere ndi nambala ya mwana. M'kalasi lalikulu si zachilendo kupeza ana aŵiri a dzina limodzi ndi mfunda umodzi. Mukaiŵala nambala poyamba, mudzavutika kuŵalekanitsa pamene malikisi achuluka. Chenjezo lina nlakuti musaonjeze gawo latsopano pamwamba pa cholakwa chimene mwachiona kale. Mng'alu wa pa maziko sutha chifukwa chokweza khoma.

Phunziro Lopanda Kompyuta

Sukulu zambiri za kumudzi zilibe makompyuta, komabe nzeru imeneyi tingathe kuiphunzitsa ndi choko chokha. M'kalasi la Sitandade 6 kapena 7, sankhani mwana mmodzi kuti akhale “makina”. Iye azichita zokhazo zimene zalembedwa, osaonjezapo nzeru zake. Anzake akhale m'magulu ndi kulemba malangizo.

Gawo loyamba likhale lakuti makinawo achoke pakhomo nakafike pa bolodi. Ana adzalemba kuti “pita kutsogolo”, ndipo makina adzayenda mpaka kugunda khoma, kalasi lonse nkuseka. Apo ndipo adzazindikira kuti ayenera kutchula chiŵerengero cha mapazi ndi mbali yokhotera. Akakonza ndi kuyesanso, pitani ku gawo lachiŵiri, lotola choko. Lachitatu likhale lolemba chilembo, ndipo lachinayi likhale la zoyenera kuchita ngati panjira pali desiki. Gulu limodzi liuzeni kuti lilembe magawo onse anayi lisanayese ngakhale kamodzi. Pamapeto ana ayerekeze okha kuti ndi gulu liti limene lidapeza zolakwa zake msanga, ndi liti limene lidavutika kudziŵa pamene padalakwika.

Phunziroli limathandizanso chilankhulo, popeza ana amaphunzira kulemba ziganizo zolamula momveka ndi mwadongosolo. Koposa apo limaŵaphunzitsa kuti kupeza cholakwa si manyazi, koma ndi mbali ya ntchito. Akuluakulu adati pang'onopang'ono ndi mtolo; ife tingoonjezapo kuti nkhuni iliyonse ikhale youma, yoti nkusonkhezera moto lero lomwe.

Ntchito

1. Fotokozani m'mau anuanu kusiyana kwa gawo ndi chidutswa, ndipo perekani chitsanzo cha kumudzi kwanu chosakhudza nyumba.

2. Mphunzitsi wamkulu wakupemphani kukonza kaundula wa mabuku obwereketsa. Lembani magawo anayi, ndipo tchulani chinthu chimodzi chimene muyenera kuchiganizira pa tsiku loyamba.

3. Phunzitsani phunziro la “makina” pa nthaŵi yanu yoyeserera. Lembani zolakwa zitatu zimene ana adazipeza ndi m'mene adazikonzera, ndipo mubwere nazo kuti tidzakambirane.