Phunziro 7: Milandu ndi Misonkhano ya pa Intaneti

Tonse tikukumbuka chaka cha 2020. Pa 2 April boma lidalengeza kuti mliri wa Covid-19 wafika m'Malaŵi. Misonkhano ya anthu ambiri idaletsedwa, ndipo maofesi adayamba kukambirana pa Zoom, aliyense ali kwake. Mliri udatha mphamvu, koma njirayi idatsala. M'chaka cha 2024 nthambi ya makhoti, mothandizidwa ndi bungwe la UNDP, idakhazikitsa ndondomeko yozenga milandu ina pa intaneti. Womangidwa amakhala kundende kapena kupolisi, woweruza ali kukhoti, ndipo amaonana ndi kulankhulana pa kanema.

Ubwino wake ndi woonekeratu. Ndime 42 ya Malamulo oyendetsera dziko lino imati munthu akamangidwa afikitsidwe kukhoti pasanathe maola 48. Koma tikudziŵa kuti abale athu ena amakhalitsa pa rimandi chifukwa choti galimoto yoŵatengera kukhoti ilibe mafuta. Kanema safuna mafuta.

Komabe tiyeni tiganizire mofatsa. Ndime yomweyo imati mlandu uzengedwe poyera, m'chiyankhulo chimene woimbidwa mlandu akumva, ndiponso kuti ali ndi ufulu wokambirana ndi loya wake kumbali. Tsono tinene kuti mnyamata wa ku Lupaso ali m'ndende ya Mzuzu. Mayi ake, amene kale akadakwera kabaza kukakhala pa benchi m'khoti, adzaumvera kuti mlanduwo? Ngati adamenyedwa pomangidwa, adzalimba mtima kunena pamene msilikali waima pambali pake, kumene kamera sikuonetsa? Nanga netiweki ikaduka wotanthauzira Chitumbuka ali pakati pa mau? Zikatero woimbidwa mlandu asachite manyazi. Anene kuti sadamve, apemphe kuti abwereze. Kugwedeza mutu pa zimene sudamve nkoopsa, chifukwa khoti lingayese kuti wavomera.

Sitikunena kuti makina amabisa chilungamo. Mlandu wa chisankho cha pulezidenti cha 2019 udaulutsidwa pa wailesi, ndipo chigamulo cha pa 3 February 2020 anthu adachimva ndi makutu ao m'misika ndi m'midzi. Wailesi idatsegula khomo la khoti kwa onse. Intaneti yokha imafuna foni yamakono, bandulo ndi magetsi, zinthu zimene ambiri a ife tilibe.

Nchimodzimodzi misonkhano ya chitukuko. Khonsolo ya mzinda kapena bungwe lina likaitana anthu kuti apereke maganizo pa intaneti za maploti, madzi kapena mseu, amayi ogulitsa masamba ndi agogo satha kuloŵa, pomwe nkhaniyo ndi yao. Pamenepo tipemphe khansala wathu kuti msonkhano wina uchitike pabwalo, maso ndi maso, ndipo zomwe agwirizana ziŵerengedwe poyera.

Pa mphakati wanu sabata ino, ŵerengani kuti ndi angati angathe kuloŵa msonkhano wa pa intaneti kwa ola lathunthu. Otsalawo mau ao adzafika bwanji kwa khansala?